Akagogoda pa kompyuta yanu usiku, musathamangire chibonga

TETE — Munthu akamva chitseko chikugwedezeka pakati pa usiku sagonanso. Amadzuka, natenga tochi ndi chibonga, nakasuzumira pazenera, ndipo kukacha amakadandaula kwa secretário wa bairro. Zimenezi tonse tinakula nazo. Koma masiku ano m'nyumba zambiri za mu mzinda wa Tete, ku Moatize, ku Songo ndi ku Ulónguè muli chitseko china chimene chimagwedezedwa usana ndi usiku popanda galu kuuwa. Chitsekocho chili pa kompyuta ndi pa kabokosi kaja kobweretsa intaneti m'nyumba, kamene amisiri amakatcha rauta.

Ine mlembi wanu ndinaziona ndi maso anga m'nyengo yotentha ya Outubro, pamene tulo timavuta mu Tete muno ngakhale utayala mphasa pakhonde. Mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira za makompyuta, anali atatiikira kamera yoyang'ana pa khola la nkhuku za mayi a kunyumba, ndipo anaikonza kuti tiziona kholalo pa foni tili kutali. Usiku wina ndinalowa m'rauta pofuna kudziwa chimene chinkachedwetsa intaneti, ndipo ndinakumana ndi kaundula amene rautayo imalembamo zonse zoichitikira. Munali mizere yosawerengeka, uliwonse uli ndi ola lake, nambala yachilendo ndi mawu osonyeza kuti wina anayesa kulowa. Nditafufuza nambala zingapo ndinapeza kuti zinali za m'mayiko amene sindinapondeko, komwe kulibe ngakhale mbale wanga mmodzi.

Mtima unandigunda. M'kompyuta ya pakhomo pathu muli mndandanda wa anthu amene anatenga nkhuku pa ngongole, muli zithunzi za maliro a bambo anga, mulinso ntchito ya kusukulu imene mwana wanga wamkazi wakhala akulemba chaka chonse. Ganizo loyamba linali lakuti pali munthu amene wandilonda ine, mwina chifukwa cha zimene ndimalemba. Lachiwiri linali loti ndimubwezere. Maganizo onse awiriwo anali olakwika, ndipo popeza awerengi athu ambiri tsopano ali ndi makina otere m'nyumba, ndi bwino tikambirane chifukwa chake.

Nyumba ya makomo 65,535

Kompyuta iliyonse yolumikizidwa ku intaneti imapatsidwa nambala yotchedwa IP, imene imagwira ntchito ngati keyala ya nyumba. Koma nyumbayo si ya khomo limodzi ayi. Amisiri amene anakonza kayendedwe ka intaneti anaika makomo okwana 65,535, lililonse ndi nambala yake, ndipo m'Chipwitikizi amangowatcha kuti portas, monga momwe timatchulira zitseko za nyumba. Pa khomo 80 ndi 443 pamadutsa masamba amene timawerenga. Pa khomo 25 pamadutsa makalata. Makomo 22 ndi 23 ndi olowera munthu amene akufuna kulamula makina ali kutali. Khomo 445 ndi limene makompyuta a Windows amagawirana mafayilo, pamene 3389 limalola munthu wa kutali kuona ndi kugwiritsa ntchito kompyuta yanu ngati kuti wakhala pampando wanu.

Khomo limakhala lotsekula pokhapokha ngati kuseri kwake kuli pulogalamu imene ikudikira alendo. Ngati kulibe pulogalamu yotere, wogogoda amayankhidwa kuti pano n'potseka. Ngati pali mpanda umene amautcha firewall, wogogodayo sayankhidwa n'komwe, ndipo amachoka osadziwa ngati nyumbayo ili ndi anthu kapena ndi bwinja.

Tsono zimene ndinaona m'kaundula muja ndi zimene amisiri amazitcha port scan, ndiko kuyesa makomo. Taganizirani munthu woyenda usiku mu msika wa Kwachena, anthu onse ataweruka, akukoka loko wa baraka iliyonse kuti aone amene waiwalika. Sakudziwa mwini baraka, alibe naye chifukwa, sakudziwa n'komwe ngati m'katimo muli shuga kapena makala. Akapeza loko wolimba amapitirira. Kukoka loko si kuba, ngakhale kuti kumasonyeza zimene zili mumtima mwa wokokayo. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti mzere wa m'kaundula wonena kuti wina wayesa ndipo wakanizidwa ndi umboni woti loko wanu wagwira ntchito yake.

Kodi ogogodawa ndani?

Ambiri mwa iwo si anthu n'komwe. Ndi mapulogalamu amene amatumidwa kamodzi kenaka n'kumayenda okha, kuyesa keyala iliyonse motsatana monga munthu wowerenga manambala a nyumba mumsewu. Makeyala a mtundu wakale wa IP alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, chiwerengero chooneka chachikulu, koma mu 2013 akatswiri a ku University of Michigan anatulutsa pulogalamu yotchedwa ZMap imene imatha kugogoda pa khomo limodzi la makeyala onsewo m'mphindi zosakwana 45 ngati ili pa intaneti yothamanga. Chida china chodziwika, Nmap, chinatuluka mu 1997 ndipo aliyense angathe kuchipeza kwaulere. Amisiri oteteza makompyuta amachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, akuba nawonso chimodzimodzi, monga chikwanje chimene wina amalambulira munda pamene wina amaopsezera anthu panjira. Palinso tsamba lotchedwa Shodan, loyambitsidwa mu 2009, limene ntchito yake ndi kulemba m'kaundula makina onse amene ali ndi makomo otsekula, kuphatikizapo makamera a m'nyumba za anthu.

Motero pakati pa ogogoda pali ofufuza a m'mayunivesite, pali makampani ogulitsa chitetezo, pali ana asukulu oyesa nzeru, ndipo palinso mbava zenizeni, zimene Chipwitikizi chimazitcha piratas. Gulu lalikulu ndi la makompyuta, marauta ndi makamera a anthu osalakwa amene anagwidwa kale ndi kachilombo, ndipo akugogoda pa makomo a ena eni ake osadziwa.

Vutoli si la lero. Pa 2 Novembro 1988 wophunzira wa ku Cornell University ku America, Robert Tappan Morris, anatulutsa pulogalamu yodzifalitsa yokha imene inalowa m'makompyuta pafupifupi 6,000, pa nthawi imene intaneti inali idakali ya mayunivesite ndi asilikali. Mu Janeiro 2003 kachilombo kotchedwa Slammer kanagwira makompyuta pafupifupi 75,000 m'mphindi 10 zokha. Mu Agosto chaka chomwecho kunabwera Blaster, mu 2004 kunabwera Sasser kolembedwa ndi mnyamata wa ku Germany, ndipo tonseti tinkalowa m'makompyuta a Windows mwini wake osatsekula kalata kapena kudina chilichonse. Kungolumikiza ku intaneti kunali kokwanira. Ndi chaka cha 2004 chomwecho pamene kampani ya Microsoft inayamba kutumiza Windows XP ili ndi firewall yoyatsidwiratu, ndipo kuyambira pamenepo kulowa m'kompyuta ya pakhomo kudzera pa khomo lotsekula kunayamba kuvuta.

Kuno kwathu intaneti inalowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudzera ku Universidade Eduardo Mondlane, ndipo mu 2009 chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chinafika ku Maputo. Tinailira kwa nthawi yaitali kuti ifike m'zigawo, ndipo inafikadi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chingwe chimene chimatibweretsera nkhope za ana athu amene ali ku Johannesburg ndi chomwecho chimene chimabweretsa ogogoda a ku mbali zonse za dziko lapansi. Mu Fevereiro 2022 masamba angapo a boma lathu pa intaneti anathyoledwa ndi kusinthidwa nkhope, zimene zinaonetsa kuti Mozambique sali kunja kwa mudzi umenewu.

Pali nkhani yabwino pang'ono kwa amene amalowa pa intaneti ndi SIM ya m'foni kapena ya m'modemu. Popeza makeyala anachepa, makampani a mafoni kawirikawiri amaika makasitomala ambiri kuseri kwa keyala imodzi, ndipo wogogoda wa kunja amathera pa chipata cha kampaniyo. Amene ayenera kuchenjera kwambiri ndi amene ali ndi intaneti ya waya yokhala ndi keyala yawoyawo, makamaka ngati anatsekula khomo kuti aziona kamera, kusewera magemu kapena kulowa m'kompyuta ya pa shopu ali kunyumba.

Zimene zinaonekera Liberia

Wina angafunse kuti mbava ingafune chiyani m'kamera yoyang'ana nkhuku. Yankho linaoneka mu 2016 ndi kachilombo kotchedwa Mirai. Kachilomboka kankagogoda pa khomo 23 la marauta ndi makamera, ndipo kakapeza potsekula kankayesa maina ndi senha pafupifupi 60 zimene mafakitale amaika pa makina atsopano, monga admin ndi 12345. Palibe nzeru zakuya zimene zinafunika, popeza anthu ambiri sasintha senha imene makina abwera nayo. Makina mazana a zikwi anagwidwa motero n'kusanduka gulu la nkhondo lomvera munthu mmodzi.

Pa 21 Outubro 2016 gululi linatumidwa kukapanikiza kampani ya Dyn ku America, ndipo masamba akuluakulu monga Twitter ndi Netflix anasowa kwa maola angapo kwa anthu ambiri. Chakumapeto kwa chaka chomwecho mtundu wina wa kachilomboka unatumidwa ku kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia, ndipo intaneti inasokonekera m'dzikolo. Amene anachita zimenezi, Daniel Kaye wa ku Britain, anali atalembedwa ganyu ndi munthu wa ku kampani yopikisana nayo, ndipo mu Janeiro 2019 khoti la ku London linamulamula kukhala m'ndende miyezi 32. Eni makamera ndi marauta amene anagwiritsidwa ntchito pa chiwembucho sanadziwe kanthu. Mwina anangodandaula kuti intaneti ikuchedwa, monga ndinkadandaulira ine.

Phunziro lake ndi lakuti mbava sizifuna chuma chanu chokha. Zimafunanso makina anu kuti zikabere kapena kuvutitsa ena, pa magetsi anu ndi mamega amene mwagula ndi ndalama zanu, ndipo ofufuza akamalondola mapazi, mapaziwo amafika pakhomo panu.

Kubwezera n'kudziputira mlandu

Apa ndiye pagona chifukwa chosabwezera. Nambala imene mwaiona m'kaundula kawirikawiri si ya mbava. Ingathe kukhala ya mayi wina wa ku Brazil amene rauta yake inagwidwa, kapena ya sukulu ina ya ku Vietnam, kapenanso ya kompyuta yobwereka imene mbava inalipira ndi khadi lobedwa n'kuisiya patapita maola awiri. Mukaponya mwala, mulasa munthu amene waberedwa kale. Ndi zofanana ndi kupeza njinga yobedwa itatsamira pa mpanda wa munthu, inu n'kuyamba kumenya mwini mpanda.

Chachiwiri, malamulo sakhala kumbali yanu. Código Penal wa dziko lino wa 2019 amaika kulowa m'kompyuta ya mwini popanda chilolezo pa mndandanda wa milandu, ndipo sanena kuti amene wayambidwa ali ndi ufulu wobwezera. Mayiko ambiri ali ndi malamulo ofanana ndi amenewa. Anyamata athu amene aphunzira pang'ono za makompyuta n'kumafuna kuonetsa mphamvu ayenera kudziwa zimenezi: kuyesa makomo a makina anuanu n'kololedwa, koma a munthu wina muyambe mwapempha.

Chachitatu, kuyankha kumakuululani. Pulogalamu yogogoda ikapanda kuyankhidwa imapitirira ndipo imakuiwalani. Ikayankhidwa, ndiye kuti mwaiuza kuti pa keyala imeneyi pali munthu wamoyo, ndipo ngati kuseri kwake kuli mbava yeniyeni, mwaitana mdani amene ali ndi zida zoposa zanu.

Ngati nambala imodzi ikubwerezabwereza kwa masiku ambiri, pali njira yoyenera yodandaulira. Makeyala onse ali ndi owayang'anira: a mu Africa amagawidwa ndi bungwe la AFRINIC limene lili ku Mauritius, a ku Ulaya ndi RIPE NCC, a ku North America ndi ARIN. Mukalemba nambalayo pa tsamba lofufuzira lotchedwa WHOIS mumapeza kampani imene ikuisunga pamodzi ndi keyala yolandirira madandaulo, imene kawirikawiri imayamba ndi mawu akuti abuse. Lembani kalata yaifupi ndi yaulemu, muikemo mizere ya m'kaundula monga momwe ilili, tsiku, ola, ndipo mutchule kuti nthawi yathu ili patsogolo ndi maola 2 pa nthawi ya UTC. Musayembekezere yankho. Makampani ena amachitapo kanthu, ena sawerenga n'komwe. Koma kalata yotere nthawi zina imapulumutsa munthu amene sankadziwa kuti makina ake anagwidwa.

Masenti 75 amene anagwiritsa kazitape

Mbiri ya makompyuta ili ndi chitsanzo cha munthu amene anayankha bwino. Mu 1986 Clifford Stoll, katswiri wa za nyenyezi amene ankayang'anira makompyuta pa Lawrence Berkeley Laboratory ku California, anapatsidwa ntchito yofufuza chifukwa chimene mabuku a ndalama zolipirira makompyuta ankasiyanira ndi masenti 75. Wina akanangoti n'kulakwitsa kwa masamu. Iye anatsatira kusiyanako mpaka anapeza kuti pali mlendo amene akulowa m'makompyutawo popanda chilolezo, n'kumadutsira pomwepo kupita ku makompyuta a asilikali a America.

Stoll sanalimbane naye, ndipo sanamuonetse kuti waoneka. Analumikiza makina osindikiza ku mawaya kuti chilichonse chimene mlendoyo alemba chizituluka pa pepala, ndipo ankasunga buku lolembamo tsiku ndi ola la chilichonse. Apolisi poyamba sanalabadire, popeza panalibe ndalama zambiri zotayika. Anapirira kwa miyezi pafupifupi 10, mpaka anatchera msampha wa mafayilo abodza onena za zida za nkhondo kuti mlendoyo achedwe pa waya, a telefoni apeze nthawi yolondola komwe akuchokera. Mapazi anakathera ku Hannover, ku West Germany, kwa Markus Hess, amene ankagulitsa zimene waba kwa akazitape a KGB a ku Soviet Union. Hess anapezeka wolakwa mu 1990.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sitikunena kuti mwini kompyuta ya pakhomo alole mbava kuyendayenda m'makina mwake kwa miyezi. Stoll anali pa ntchito ndipo akuluakulu ake ankadziwa. Chimene tingatengepo ndi chakuti chimene chinagwira Hess ndi buku la Stoll. Umboni wolembedwa bwino, wokhala ndi tsiku ndi ola, umaposa ukali.

Zoyenera kutseka lero lomwe

Yambani ndi rauta, popeza ndiyo chipata cha mpanda. Pansi pake pamakhala kapepala kolembedwa keyala yolowera, kawirikawiri 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, pamodzi ndi dzina ndi senha ya ku fakitale. Dziwani kuti senha zilipo ziwiri: ya Wi-Fi imene mumapatsa alendo, ndi ya woyang'anira rauta imene ambiri sanaikhudzepo chigulireni. Sinthani zonse ziwiri. Senha yabwino ndi yaitali; mawu anayi kapena asanu a chinenero chathu osagwirizana, osakaniza ndi manambala, amavuta kuwalota kusiyana ndi dzina la mwana wanu ndi chaka chimene anabadwa. Ilembeni m'kabuku kosungidwa pamodzi ndi makadi a ku chipatala, osati pa kapepala komata pa kompyuta.

Mukadali m'rautamo, zimitsani mbali yolola kuti munthu aiyang'anire ali kunja kwa nyumba, zimitsaninso UPnP, imene imalola makina a m'nyumba kudzitsekulira okha makomo popanda kukufunsani, ndi WPS. Wi-Fi ikhale pa WPA2 kapena WPA3. Yang'anani mndandanda wa makomo otsekulidwa, ndipo lililonse limene simukudziwa ntchito yake mulitseke. Kwathu tinapeza kuti khomo limene mwana wa mlongo wanga anatsekulira kamera linali loonekera ku dziko lonse, ndipo senha ya kamerayo inali ya ku fakitale. Iye anachita manyazi, napepesa kwa amalume ake, ndipo tinakonza limodzi m'mawa womwewo nsima isanapse.

Kenaka pitani pa kompyuta. Firewall imene imabwera ndi Windows ndi yokwanira pa nyumba, bola ikhale yoyaka. Remote Desktop ikhale yozima ngati simuigwiritsa ntchito. Ndipo lolani kompyuta kulandira zigamba zimene opanga ake amatumiza, ngakhale zimadya mamega. Pa 12 Maio 2017 kachilombo ka WannaCry kanalowa pa khomo 445 m'makompyuta oposa 200,000 m'mayiko 150, n'kumanga mafayilo ndi kufuna madola 300 kuti kawamasule. Zipatala za ku Britain zinabweza odwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti chigamba chotseka bowo limenelo chinali chitatuluka kale mu Março, miyezi iwiri m'mbuyomo. Amene anachilandira anapulumuka.

Apa pali vuto lathu lenileni. Makompyuta ambiri amene timagula ndi akale, ndipo amabwera ndi Windows imene sikulandiranso zigamba. Windows XP inasiyidwa mu Abril 2014, Windows 7 mu Janeiro 2020, ndipo nthawi yokhazikika ya Windows 10 inatha pa 14 Outubro 2025. Kompyuta yotere ili ngati nyumba imene mmisiri wake anasamuka, ming'alu ikungowonjezeka. Ngati simungathe kugula ina, funsani mmisiri akuikireni Linux, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale, kapena musagwiritse ntchito kompyutayo pa za ku banki.

Pomaliza, sungani mafayilo ofunika pa malo awiri. Fulashi kapena disiki yosungirapo ichotsedwe pa kompyuta mukatha kukopera, chifukwa kachilombo komanga mafayilo kamamanga chilichonse chimene kapeza cholumikizidwa.

Mbava zambiri timazitsekulira tokha

Kunena zoona, masiku ano makomo a kunja sindiwo njira yaikulu imene mbava zimalowera m'nyumba za anthu wamba. Zimalowa chifukwa mwini nyumba watsekula yekha. Pulogalamu yodula imene mnzanu wakupatsani kwaulere pa fulashi, itathyoledwa kuti isafune laisensi, nthawi zambiri imabwera ndi mlendo m'mimba mwake, ndipo mlendoyo akakhala m'kati ndiye amaitana anzake. Firewall imaletsa olowa koma kawirikawiri siletsa otuluka. Fulashi imene yayenda m'malo osindikizira mapepala a tauni yonse iyenera kupimidwa musanaitsekule.

Chenjeraninso ndi uthenga wodzidzimutsa umene umatulukira pa tsamba n'kunena kuti kompyuta yanu yathyoledwa, imbani nambala iyi kapena dinani apa. Tsamba la pa intaneti silingadziwe zimene zili m'kompyuta mwanu. Amene akuyankheni pa nambalayo akuuzani kuti muike pulogalamu yomulola kulamula kompyuta yanu ali kutali, ndipo mukatero mwamupatsa makiyi ndi manja anu. Ndi msampha womwewo wa mauthenga a pa foni onamizira mbale amene akufuna ndalama mwachangu pa nambala yachilendo. Palibe wa ku banki, wa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh amene ali ndi chifukwa chokufunsani PIN yanu. Safunsa anadya phula: musanadine, imbirani munthu amene mumamudziwa.

Ngati alowadi

Zizindikiro zoti mbava yalowa ndi zosiyana ndi mizere ya m'kaundula. Mumapeza dzina la munthu wogwiritsa ntchito kompyuta limene simunaike. Pulogalamu yoteteza ku tizilombo yazima yokha ndipo ikukana kuyaka. Kamuvi kakuyenda pa sikirini inu osagwira. Mamega akutha usiku aliyense ali mtulo. Anzanu akulandira mauthenga a dzina lanu amene simunalembe. Mafayilo asintha maina ndipo sakutsekuka.

Mukaona zotere, choyamba dulani intaneti: zulani waya kapena zimitsani Wi-Fi. Musafufute kanthu mwaphuma, koma jambulani ndi foni zimene zikuoneka pa sikirini ndipo lembani tsiku ndi ola, monga ankachitira Stoll. Chachiwiri, tengani foni kapena kompyuta ina imene mukuikhulupirira n'kusintha senha zanu, kuyambira ndi ya imelo, popeza amene ali ndi imelo yanu angathe kusintha senha za kwina konse. Kumene kuli mwayi woti polowa azikutumizirani nambala yachiwiri pa foni, yatsani mwayi umenewo. Chachitatu, ngati munalowapo ku banki pa kompyutayo, dziwitsani banki tsiku lomwelo osadikira Lolemba. Chachinayi, pulumutsani zithunzi ndi zolemba zanu, kenaka mmisiri afufute zonse n'kuika Windows kapena Linux mwatsopano. Kuchotsa kachilombo kamodzi kamene kaoneka sikutsimikiza kuti kanalibe anzake.

Ngati ndalama zabedwa kapena wina akukuopsezani kuti aulutsa zithunzi zanu, umenewo ndi mlandu. Kaneneni ku esquadra ya PRM kapena ku SERNIC, nthambi yofufuza milandu, mutatenga umboni wanu wonse. Musachite manyazi, mbava zimadalira manyazi a oberedwa kuti zipitirize ntchito. Ndipo olipira dipo kuti mafayilo amasulidwe adziwe kuti palibe chowatsimikizira kuti akalipira adzamasulidwadi.

Kunyumba kwathu kaundula uja akudzazabe mpaka lero. Ndimamutsekula kamodzi pa mwezi, osati kuti ndiwerenge ogogoda, koma kuti ndione ngati pali khomo limene latsekuka ine osadziwa ndi ngati makina onse olumikizidwa ku rauta ndi a m'banja mwathu. Ntchito ya mwana wanga ili pa mafulashi awiri, imodzi kwa azakhali ake ku Moatize. Mndandanda wa ngongole za nkhuku mayi a kunyumba anaukoperanso m'kope, ati pepala silifuna senha. Awerengi athu amene ali ndi rauta m'nyumba aitembenuze madzulo ano, awerenge kapepala kali pansi pake, ndipo ngati senha yolembedwa pamenepo ikutsekulabe, ntchito yoyamba yapezeka. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.